Dilliram Adikira Ndege kwa Mlamu Wake

Khonsolo ya tauni yathu inalengeza, pa pepala lokhala ndi zidindo ziwiri, kuti pofuna kutukula ntchito zamanja, mmisiri mmodzi adzatumizidwa ku Japan kukaphunzira kapangidwe ka mapepala. Khonsolo idzalipira ndege ndi maphunziro, pomwe mmisiriyo adzadzipezera yekha pasipoti, sutikesi ndi "maonekedwe oyenera". Chilengezocho anachimata pakati pa chenjezo la agalu achiwewe ndi lamulo loletsa kulavula pamasitepe.

Wosankhidwa anali Dilliram Khadka, amene chiyambire unyamata wake wakhala akuphika makungwa a chitsamba cha lokta, kuwasinja, ndi kuyanika phala lake pamafelemu padzuwa la m'mapiri a Dolakha muno. Pepala lake ngakhale chiswe chimalilambalala. Koma tsiku lina mlendo anamuonetsa pepala la ku Japan, lopyapyala ngati khoko la anyezi koma losang'ambika, ndipo kuyambira pamenepo lake ankaliona ngati chikopa. Ankangofuna kuona ndi maso ake mmene anthu a ku Japan amagwedezera felemu m'madzi. Basi.

Mkazi wake Sabitra anagulitsa njati yawo yoweta yamkaka. Njatiyo inasanduka pasipoti, sutikesi, ndi jekete lakuda limene manja ake ankameza zala za mwini wake.

Kwathu kuno munthu sanyamuka ulendo wautali mwachisawawa. Wansembe amafunsa nyenyezi n'kutchula nthawi yabwino yotulukira pakhomo. Galimoto ikachedwa umatulukabe, n'kukadikira kwa mnansi, koma m'nyumba mwako supondamonso mpaka utapita ndi kubwera. Ukapondamo, ulendowo wauthira tsoka wekha.

Mlembi wa khonsolo, a Pokhrel, anati tikiti ifika "sabata ino ndithu". Wansembe anati Lachinayi m'mawa. Choncho Lachinayi anamumata Dilliram mpunga wofiira pamphumi, anamuveka maluwa mpaka makutu osaoneka, anamumwetsa chambiko. Azakhali analira. A tcheyamani a khonsolo analankhula za ubale wa mayiko awiriwa. Kenako Dilliram ananyamula sutikesi, n'kuwoloka msewu, n'kukwera kuchipinda cha pamwamba pa tiyirumu ya mlamu wake Chhabilal, moyang'anizana ndi nyumba ya Dilliram yemweyo.

Sabata inatha, ina inaitsatira. Maluwa aja anaumira pamsomali.

"Alamu, ku Japan kwacha bwanji?" Chhabilal ankafunsa pobweretsa tiyi. "Ati kumeneko nsomba amadya yaiwisi. Ndikuitanitsireni?"

"Ikani kapuyo apo muzipita."

"Ha! Mwayamba kale mwano wa kunja!"

Masiku oyamba Dilliram ankatsika kukacheza ndi omwa tiyi, koma aliyense wolowa ankayamba wamuweramira kaye ngati a ku Japan mpaka mutu kufuna kugunda tebulo. Anasiya kutsika. Pawindo ankaona mafelemu ake atatsamira khoma opanda kanthu, makungwa amene anasiya ataviika akuchita ndere mumgolo, ndi khola lopanda njati. Sabitra akatuluka kukayanika zovala, iye ankathawira kuseri kwa katani. Chakudya chimene mkaziyo ankatumiza ankachidya chitazizira, poti manyazi ankatenga nthawi kuti atsike pammero.

Ku ofesi ankapita mozemba, kudzera kuseri kwa msika, atavala jekete lija.

"Bwana, tikiti ija."

"Bambo Khadka! Kodi simunapitebe?" A Pokhrel anadabwa zenizeni. "Nkhani yanu ili pabwino kwambiri. Ili ku likulu, ku Kathmandu."

"Ikutani kumeneko, bwana?"

"Ikuonedwa."

Nkhaniyo itaonedwa mokwanira, tsiku lina a Pokhrel anamupatsa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Khonsolo yaona kuti si ulemu kutumiza munthu wathu kumalo amene sitikuwadziwa. A tcheyamani anyamuka dzulo kukaona ngati n'koyenera inu."

"Akwerera tikiti iti, bwana?"

"Tikiti ndi ya khonsolo, bambo. Inu musataye mtima, dzina lanu lili pamwamba penipeni."

Dilliram anathokoza. Ali panjira anadzifunsa chimene wathokozera.

M'mawa mwake Sabitra anawoloka msewu n'kuima pansi pa masitepe, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Mina, tsikani."

"Ndikaponda m'nyumba ndiye kuti ulendo wafa, mayi a Mina."

"Ulendo uli ku Japan ndi a tcheyamani. Mvula ili pafupi. Mapepala mudzayanika pamtambo?"

Mawu a Dilliram anatsika kuchokera pamwamba ang'onoang'ono.

"Nanga njati ija? Ndikuyang'anani bwanji kumaso?"

"Ngati mmene mwakhala mukundiyang'anira kuseri kwa katani. Mphuno yanu imaoneka. Tauni yonse imaiona."

Dilliram anapempha kuti adikire anthu achepe mu tiyirumu. Sabitra anati munthu amene anachoka ndi nyimbo sabwerera ngati wakuba. Ndiye Dilliram anatsika nthawi yomweyo, sutikesi kumanja, maluwa ouma m'khwapa, popeza kuwasiya kwa eni ake kukanakhala kusowa khalidwe. Omwa tiyi anasiya makapu.

"Mwatitengera chiyani kumeneko, alamu?" anakuwa Chhabilal. Palibe anaseka, ndipo iye anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

Msewu wathu ndi wopapatiza, koma Dilliram anauona kukula. Atafika pakhomo pake anaima, akuyang'ana poponderapo. Sabitra anamulanda sutikesi n'kulowa nayo. Iye anaitsatira. Madzulo a tsikulo anataya makungwa owola aja, n'kuviika ena.

Chilengezo chija chikadali pakhoma la ofesi, chosang'ambika ngakhale pang'ono, poti pepala lake analigula kwa Dilliram. A tcheyamani apita ku Japan kawiri.