Makapu a amayi afika ku Zomba

Mwaswera bwanji nonse.

Makapu adothi aja abambo anabwera nawo ku Joni, amayi awapereka kwa mdzukulu wawo Esinati ngati mphatso ya ukwati. M'mawa ndinawapezera katoni ndi mankhusu a mpunga. Akana. Atulutsa m'sutikesi nsalu yawo ya chipani, ya nthawi ya makadi ija, n'kukulungamo makapu onse sikisi, nkhope ya pulezidenti ili pamwamba.

Akuti, "Mwanawe, ine ndinkanyamula mazira chonchi mpaka ku Songani. Akanayerekeza ndani kuponya nkhope imeneyi?"

Sakunama. Ndili mwana ndinkaona azibambo akuimirira m'lole, mtolo wa amayi uli pampando.

Koma lero pa Kachulu, nditapereka mtolowo kuti upite kwa Esinati ku Zomba, kondakitala wa minibasi wayang'ana nkhopeyo, wati, "Mutikhululukire, bwana." Wasanjikapo thumba la matemba, iye n'kukhala pamwamba.

Esinati wangoimba kumene. Yapulumuka kapu imodzi, nayonso yopanda chogwirira. Nsalu ili bwinobwino.

Amayi ali pakhondepa, akudikira zikomo wawo. Abale, ndiyambe kuwauza ziti? Zoti makapu asweka, kapena zoti nkhope ija masiku ano anthu amaikhalira?