Piritsi Lachiwiri la Agogo

Ndikakumbukira Amayi Nambewe, amene tinkayandikana nawo nyumba ku Kawale, ndimamva fungo la simbi ya makala ikuyenda pa yunifolomu yoyera, ndi kafungo ka sipiriti kamene kankawatsatira ngakhale kutchalitchi. Anali namwino wophunzitsa anamwino achitsikana, ndipo pamwamba pake ankachita kafukufuku wa matenda a kuthamanga kwa magazi, aja timangowatcha bipi. Loweruka lililonse ankazungulira m'makomo ndi ophunzira awo awiri, atanyamula lamba wokulunga pamkono ndi kampira kopopera, kuyeza akuluakulu ndi kuwafunsa za kadyedwe, kagonedwe ndi nkhawa zawo. Ana tinkawathawa poganiza kuti m'chikwama mwawo mwadzaza majakisoni, chonsecho munali mapepala ndi nthochi basi.

Mmodzi mwa oyezedwawo anali agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, amene anachoka ku Ntcheu kalekale koma khasu osalisiya. Mtima wawo wonse unali pa njinga yakuda imene ankapalasa popita kudimba lawo ku Tsabango. Tsiku lina anachita chizungulire panjira, n'kugwera m'ngalande pamodzi ndi mtolo wa mpiru. Amayi sanafune zokambirana. Anamangirira njingayo ndi tcheni kumtengo wa mango, kiyi n'kusunga okha.

"Bipi ikatsika, njinga mutenga," anatero amayi. "Ikapanda kutsika, dimba lija tipatsa ena."

Ndinawamvera chisoni agogo. M'mawa uliwonse ankaipukuta njingayo ndi kansanza, kenako n'kuliza belu kamodzi, ili chimangidwire.

Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, awiri m'mawa uliwonse. Amayi anachepetsa mchere mpaka ndiwo zinkangomveka madzi okhaokha, ndipo nyumba yonse tinalangidwa nawo popanda mlandu. Miyezi iwiri inatha, paketi ya mapiritsi inkatha pa tsiku lake, koma bipi osasuntha.

"Mankhwala mukumwa, Abambo?" anafunsa Amayi Nambewe Loweruka lina.

"Kwambiri, Asisitala. Osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe."

Ophunzira aja analemba mofulumira. Mmodzi anati mwina ndi zakumtundu, bola adokotala awonjezere mankhwala.

"Zakumtundu zilipo, sindikukana," anayankha Amayi Nambewe. "Koma musanamuwonjezere munthu mankhwala, dziwani kaye mmene tsiku lake limayendera. Munthu wamkulu wa ulemu wake sangakuuzeni ayi inu mutavala zoyera."

Loweruka lotsatira anabwera okha, atavala chitenje, opanda chikwama. Anakhala pakhonde pathu n'kuyamba kusenda nafe mtedza, akucheza ndi amayi za kwaya, utsi wa mbaula ukutilowa m'maso, wailesi ya kuseri kwa mpanda ikulira. Dzuwa litakwera pang'ono kunabwera Abambo Chimkono, telala wopuma pantchito, mnzawo wa agogo wa bawo. Anakhala pansi pa mango, nkhomo zinayamba kulira m'maenje, ndipo tinangoona agogo akupisa m'thumba la jekete n'kutulutsa bokosi la machesi. Anatsegula mwaulemu, natulutsa piritsi loyera. Abambo Chimkono analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kumezera thobwa.

Amayi anadzuka nkhope itafiira, koma Amayi Nambewe anawagwira chitenje. Anamwinowo anali ataseka kale mpaka misozi, makoko a mtedza ali mbwee pansi. Atapukuta m'maso anapita pamtengo paja.

"Abambo, kodi chipatala chino mwatsegula liti?"

Agogo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Asisitala, mnzangayu mutu umamuwawa ngati ine ndemwe. Ndiye ine ndizimeza awiri iye akundiyang'ana? Kwathu sitinaleredwe choncho. Limodzi langa, limodzi lake."

"Nanga inu Abambo Chimkono, kuchipatala bwanji simupita?"

"Kumene kuja amabaya, Asisitala," anayankha akuyang'ana pabawo.

Amayi Nambewe sanakalipe. Anakatenga chikwama chija n'kumuyeza telalayo pomwepo, ndipo anapeza kuti bipi yake inaposa ya agogo. Apo kuseka kunatha kaye. Anakhala pampando, nawalankhula onse awiri mofatsa.

"Mtima wanu ndi wabwino, Abambo, koma mankhwala si thobwa. Awiri aja anayezera thupi lanu. Mukagawana, palibe amene akuchira. Ngati mumamukondadi mnzanuyu, Lolemba mupite naye. Palibe amene akamubaye, ndikulonjeza."

Lolemba agogo anavala tayi n'kumuperekeza mnzawoyo pa minibasi, atamugwira dzanja kuopa kuti angatsikire panjira. Anabwerako aliyense ndi paketi yake. Amayi Nambewe anaika lamulo lakuti bawo asayambe mpaka aliyense atameza ake mnzake akuona, ndipo madala awiriwo ankalonderana mwankhanza, mpaka kuuzana kuti, "Tayasamulani ndione."

Patapita milungu ingapo, tsiku loyeza linafika. Tonse tinaunjikana pakhonde, ophunzira aja aliponso. Amayi Nambewe anakulunga lamba, anapopa, anamvetsera, kenako anabwerezanso. Agogo thukuta linali kamukamu. Pomaliza anavula zomvetsera kugunda kwa mtima m'makutu n'kutembenukira kwa amayi.

"Amake Tadala, kiyi uja ali kuti?"

Sindinaonepo agogo akusangalala ngati tsiku limenelo. Anazungulira bwalo katatu belu likulira, nkhuku zikubalalika, Abambo Chimkono akuwomba m'manja, amayi akukuwa kuti apalase pang'onopang'ono koma nawonso akuseka. M'mawa mwake analawirira ku Tsabango, ndipo madzulo tinadya mpiru wa m'dimba lawo.

Pa mapepala awo a kafukufuku, Amayi Nambewe anawonjezera funso limodzi ndi bolopeni, ndipo ophunzira awo onse ankayenera kulifunsa. Ine Tadala ndine namwino tsopano, ndipo funsolo ndimalifunsabe. Ndikaona gogo wina bipi yake ikukana kutsika, ndimaika cholembera pansi n'kunena motsitsa mawu, "Agogo, mankhwalawa mumagawana ndi ndani?" Kawirikawiri amayamba ayang'ana pansi, kenako n'kumwetulira. Ndiye ndimawauza kuti, "Palibe mlandu. Mawa mubwere nawo anzanuwo."