Kope Lofiira la Alamu Anga

Mumsewu mwathu anthu amanena kuti alamu anga amapeka. Akuti nkhani zimene amatiuza m'kalasi, za kumene zining'a za Chingerezi zinachokera, amaziphika m'mutu masana akusita malaya, madzulo n'kudzatipakulira zili zotentha. Ine m'kalasimo ndimakhalamo, ndipo mayiyo ndi mkazi wa achimwene anga, ndiye ndiloleni ndikonze.

Alamu amagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala. Chingerezi sanachitole kusukulu. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankasamalira gogo wina wachizungu amene miyendo inafa koma pakamwa pali pamoyo. Akumutembenuza, akumupukuta kumsana, gogoyo ankangolankhula, ndipo chining'a chilichonse ankachitchulira kwawo. Alamu ankalemba zonse m'kope lachikuto chofiira. Gogoyo atamwalira, ana ake anatenga nyumba, alamu anatenga kope.

Kalasi yathu ndi ya bungwe lina lophunzitsa akuluakulu. Timakumana Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka, m'chipinda cha sukulu ya mkaka, pa timipando ta ana. Ine womata matayala, amene ndinasiya sukulu mphunzitsi asanaloweze dzina langa, ndimakhala maondo ali m'chibwano. Tilipo khumi ndi awiri, ambiri ndi alonda.

Alamu salowa m'kalasi chimanjamanja. Tsiku lina tinkaphunzira zoti Angerezi akaona munthu wozama pa ntchito amati amadziwa zingwe. Iwo anabwera ndi chingwe choyanikira zovala, anachimanga kuchokera pazenera mpaka pachitseko, n'kutiuza za zombo zakale za matanga zomwe zinali ndi zingwe zosawerengeka, zoti mlendo akakoka cholakwika anzake onse aona zakuda. Woyendetsa takisi wa m'kalasi mwathu anakachinena kwa mzungu mawa lake, mzunguyo mpaka anamupempha nambala.

Mavuto anabwera mwezi watha ndi wophunzira watsopano, bambo wina wogulitsa mankhwala pafamase, wamagalasi, wa foni yaikulu ngati thireyi. Tsikulo tinali pa chining'a cha mvula yamkuntho, chimene chimatchula amphaka ndi agalu. Alamu anafotokoza monga zilili m'kope, kuti kalelo ziweto zinkagona pamadenga a udzu, mvula ikakula n'kumatererekera pansi. Wapafamase anakanda foni yake, anakweza dzanja mwaulemu, n'kunena kuti akatswiri akuti nkhaniyo ilibe umboni, ndipo palibe amene akudziwa gwero lenileni. Ine pofuna kupulumutsa zinthu ndinati inenso ndinkadabwa, chifukwa galu wanga ngakhale kukwera pakhonde amafuna womukankha. Ndinangowonjezera moto. Alamu anandiyang'ana ndi diso limene achimwene amalidziwa bwino.

Sabata yomweyo kunabwera kalata yoti woyendera wa bungwe adzaonera kalasi Lachinayi lotsatira. Tonse tinali titamva kale kuti aphunzitsi opanda satifiketi akuwachotsa mmodzimmodzi. Alamu alibe satifiketi ina iliyonse kupatula ya ukwati, ndipo nayonso poona mwamuna wawo ndimaikayikira.

Achimwene anandiuza kuti kunyumba chakudya chikungobwerera m'mbale. Kuntchito alamu anawotcha kolala ya malaya a munthu, koyamba pa zaka zonse agwirira simbi. Lamlungu masana anandituma kuti ndikawatengere wapafamase. Ndinkayesa akufuna akamulalatire, ndipo ndinapita ndikuthamanga kuti ndisaphonye. Koma anamukhazika patebulo la kukhitchini, n'kutsegula kope tsamba loyamba. Foni ikavomera, ankachonga. Ikati palibe umboni, ankalemba mtanda. Pofika pakati pa kope, pa nkhani zitatu zilizonse imodzi inali itagwa.

Wapafamase atapita, ndinawauza kuti woyenderayo za mitandayi sakuzidziwa, angotenganso chingwe chija basi, Lachinayi lidutse.

"Nanga mlonda wa m'kalasi mwathu amene wauza kale ana ake za amphaka, ndimusiye choncho?" anatero. Anasisita chikuto. "Gogo uja ndinamupukuta zaka zonsezija, alamu. Kodi ankadziwa kuti akundinamiza, kapena nayenso anangouzidwa?"

Ndinamwa tiyi wanga wozizira.

Lachinayi woyendera anafika nthawi isanakwane, mayi wachitsikana wonyamula faelo. Kampando anakakana, anaima kumbuyo pafupi ndi mashelefu a zidole. Alamu analowa opanda chingwe, opanda chilichonse, kope lokha. Choko chinathyoka kawiri asanamalize kudula mzere pakati pa bolodi. Kumanzere analemba zining'a zimene gwero lake ndi lotsimikizika. Kumanja analemba zimene iwo anangouzidwa, amphaka ndi agalu pamwamba penipeni. Kenako anatembenuka n'kutipepesa. Anati zining'azo tizizigwiritsa ntchito popeza tanthauzo lake silinasinthe, koma nkhani za kumanjazo tisakalumbirire pamaso pa munthu. Ine ndinkangomva cholembera cha woyendera chikukanda pepala kumbuyo kwanga, osapuma.

Titamaliza, woyenderayo anapempha kope. Analiwerenga ataimirira, tsamba ndi tsamba, ife tikunamizira kusanja timipando. Pomaliza anati kalasi ikhalabe m'manja mwa alamu mpaka chaka chithe, koma chisanathe alembe mayeso a bungwe, ndipo akalephera iye sadzatha kuwateteza. Alamu sanakhalepo pa mayeso chichokereni kusukulu. Panopa akuonda ndi zimenezo, ndipo wapafamase ndi amene akuwaphunzitsa Loweruka lililonse.

Dzulo ndinawapeza kuntchito kwawo, nthunzi ili tolo, akulimbana ndi thalauza la munthu wonenepa kuposa ine. Ndinawauza kuti mumsewu akunenabe zoti amapeka, ndipo tsopano akuti anachita kugwidwa. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mukawauze kuti ndinanamizidwa, ndipo ndinaulula ndekha. Ndikanakhala wodziwa kupeka, bwenzi ndili pano ndikusita mathalauza a amuna awo?"