Buku Lokulungira Zitumbuwa

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anatulukira kuti sindidziwa kuwerenga. Tinkakhala m'komboni ya Kanyama, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, zaka zija ufa unkakwera mtengo mwezi ndi mwezi, mafakitale akuchotsa anthu ntchito. Bambo anali mmodzi mwa ochotsedwawo. Banja lonse tinkadya thukuta la amayi, amene ankakazinga zitumbuwa m'mawa n'kukagulitsa pa siteshoni ya minibasi.

Kusukulu ndinkapita ndithu, osajomba. Koma sukulu yakeyo! Ana tinachuluka moti ena ankalowa m'mawa, ena masana, ena dzuwa litapendeka. Madesiki anatha kalekale, aliyense ankanyamula njerwa kapena chisaka chokhalira. Buku linali limodzi, m'manja mwa aphunzitsi. Iwo awerenge mzere, ife tibwereze mokuwa. Iwo awerenge wina, ife tikuwenso. Kukuwako ine ndinali katswiri, ndipo chaka chilichonse ndinkakwera kalasi. Aphunzitsiwo sindiwaimba mlandu wonse, chifukwa malipiro awo sankafika pakati pa mwezi, mwakuti ena ankagulitsa maswiti patebulo la m'kalasi. Koma mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti mwana angathe kufika giredi folo popanda munthu womulozera chilembo n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri. Kanyama inadzaza madzi monga mwa masiku onse, zimbudzi zinasefukira, kolera inabuka, ndipo sukulu anatseka. Tsiku lina bambo anatola kachidutswa ka nyuzipepala pa mapepala amene amayi ankakulungira zitumbuwa.

"Tisa, nibelengeleko apa, maso yanibaba," anatero, akutikita m'maso ngati mukuwawa.

Ndinagwira pepalalo bwinobwino, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba mokweza: "Amayi apita kumsika. Amayi agula nsomba." Anali mawu a kusukulu amene ndinaloweza. Pepalalo linkakamba za mpira.

Madzulo ake anauza amayi ine ndili pomwepo. "Uyu mwana sukulu imutaila chabe nthawi. Nizamuphunzisa neka. Ngati mvula izasila akalibe kuziba kubelenga, azayenda kumunzi kuli batete bake, akalime." Ndiye kuti mvula ikatha ndisanadziwe kuwerenga, ulendo wa kumudzi, ku Petauke, kwa azakhali anga. Msuweni wanga amene anatumizidwa kumeneko tinangomva kuti wakwatiwa asanakule n'komwe. Ndinachita mantha kwambiri.

Bambo anayamba ndi njira imene iwo anaphunzirira: zilembo za makala pakhoma, kamtengo m'manja. Ine ndikaona kamtengoko mutu unkauma, zilembo zonse n'kumaoneka zofanana. Ndinkalira, iwo n'kupsa mtima, n'kutuluka kukaima panja. Tinavutana choncho mpaka khoma linada bii, ine osadziwa kanthu.

Kenaka amayi anabwera ndi mtolo watsopano wa mapepala okulungira, ogula kumsika. M'katimo munali buku la Chinyanja lopanda chikuto, lonunkha chinyontho. Bambo analitsegula n'kuyamba kuwerenga mokweza, ngati akudziwerengera okha. Inali nkhani ya mtsikana, Malita, amene anathawa kwawo n'kukwera sitima kukafuna mlongo wake kumigodi. Ndinasendera pafupi. Atafika pamene woona matikiti anamupeza Malita alibe tikiti, bambo anatseka bukulo.

"Maso yanibaba," anatero.

"Batate, silizani!" ndinawachonderera kuti amalize.

"Belenga weka. Liu ikakuvuta unifunse, koma nkhani sinizakuuza."

Amayi anayankhira ali pa mbaula, osatembenuka n'komwe. "Iyo buku ninagula ni yokulungila vitumbuwa. Mailo niyamba kung'amba, kuyambila kutsogolo."

Ndipo mawa lake anayambadi kung'amba. M'mawa uliwonse ankathothola masamba angapo a kutsogolo n'kuwaika m'beseni. Tsamba limene sindinaliwerenge dzulo lake linkapita ndi chitumbuwa m'manja mwa munthu wosamudziwa. Ndinawada amayi masiku amenewo, sindibisa. Ndinkakhala pakhomo, mapazi ali pa njerwa chifukwa cha madzi, chala chili pa mzere, ndikulumikiza ma ndi li ndi ta. Tsamba loyamba linanditengera tsiku lonse, bambo ndinawafunsa mpaka anatopa nane. Kamtengo kaja sindikudziwa kumene kanapita. Tsopano wothamangitsa mnzake ndinali ine, iwo akufuna kugona masana, ine ndikuwagwedeza phewa kuti andiuze liwu.

Madzulo alionse amayi, akukanda ufa wa mawa, ankandifunsa ngati sizikuwakhudza: "Manje uja Malita wako, bamuchosa mu sitima?" Ine ndinkafotokoza zonse, ndikukometsera ndi manja omwe.

Tsiku lina kunacha bwino, dzuwa linawala, anzanga anandiitana kukalumpha chingwe. Ndinasewera mpaka mdima, buku osaligwira. M'mawa ndinapeza masamba apita, ndipo anali a pamene Malita anafika pakhomo la nyumba imene anamuuza kuti mlongo wake amakhalamo. Ndinathamanga m'madzi ndilibe nsapato mpaka ku siteshoni. M'beseni munalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Pambali panali bambo wina woyendetsa wilibala, atakhala pa wilibala yakeyo, akudya chitumbuwa cha amayi.

"Bakulu, nipempako iyo pepa," ndinatero ndikupuma wefuwefu.

"Pepa ya mafuta uifunila chani, iwe?"

"Muli nkhani."

Anaseka, koma anandipatsa. Mafuta anali atalowerera moti zilembo za kuseri zinkaonekera kutsogolo. Kuwerenga chamumtima ndinali ndisanakudziwe, choncho ndinawerenga mokweza, pomwepo, pakati pa makondakitala akuitanira anthu a m'tauni. Ndinkakakamira pa mawu ena, n'kubwerera, n'kupitirira. Malita anagogoda. Anatsegula chitseko ndi mayi wachilendo. Tsamba linathera pamenepo.

"Manje? Anamupeza?" anafunsa wa wilibala uja, chitumbuwa chili m'manja.

Nditakweza maso ndinaona amayi aima, foloko yotolera zitumbuwa ili m'mwamba, wogula akuwadikira iwo osamuona. Sanandiyamikire. Anangoti ndibwerere kunyumba ndisanatenge matenda m'madzimo. Koma madzulo ndinawamva akuuza bambo pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba, bambo n'kuseka kuseka kumene anali asanasekepo chichotsedwere ntchito.

Bukulo ndinalimaliza mvula isanathe, ndipo za ku Petauke sizinatchulidwenso. Sukulu itatsegulidwa ndinabwerera ndi njerwa yanga, poti mayeso a boma sankalembera pakhomo la munthu. Bambo anangoti, "Kusukulu uziyenda, koma kuphunzila ni kuno." M'kalasi ndinapeza zonse zili momwemo, anzanga akukuwa mizere imene sankaiona.

Ndinakula ndikuganiza kuti amayi anang'amba buku lija chifukwa cha umphawi. Ndili ndi ana anga kale m'pamene ndinawakumbutsa nkhaniyi, ndikuwaseka kuti anali ouma mtima. Anati manyuzipepala okulungira anali mulu pansi pa bedi nthawi yonseyo. Za kung'amba anapangana ndi bambo. Kenaka anawonjeza chimene ndinkachidziwa chikhalire koma ndinali ndisanachiganizirepo: iwo sukulu sanapiteko, kuwerenga sankadziwa. Bambo anakana kuwauza mathero, poopa kuti angandiululire.

"Nenze kung'amba na mantha," anatero. "Ukanachedwa, na ine sembe sininamvele ngati Malita anamupeza mulongo wake."

Tsopano ndikumvetsa kuti mwana saphunzira chifukwa chomukuwira kapena kumuopseza ndi kamtengo. Ine ndinaphunzira chifukwa panali chinthu chimene ndinkafunitsitsa kudziwa, ndipo chinali m'zilembomo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'nyumbamo tinali awiri ofuna kudziwa, ndipo winayo ankadikira ine madzulo alionse, manja ali mu ufa.