Bazuka ya a Felisiyano

Ndikukumbukira chaka chomwe tinabwerako ku Zambia nkhondo itatha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyendo ngati mapesi, koma pakamwa pokwanira anthu atatu. Dzina langa ndi Bento, koma kumudzi kwathu kufupi ndi Malowera mukafunsa Bento akuyang'anani kawiri. Funsani Radiyo. Dzinalo anandipatsa ndi amayi anga omwe, ati chifukwa ndinkayamba kulankhula tambala asanalire ndipo sindinkafuna mapiliya, mabatire aja.

Ndivomeretu, ine nkhani ndimaikoka. Ndikapha mbewa ziwiri, pofika kunyumba zimakhala zakwana khumi, ndipo ina mwa izo inali yaikulu ngati mwana wa mbuzi. Koma iyi ndiyesetsa kusaikoka, chifukwa ndi yomwe inandionetsa kuti manyazi amalemera bwanji.

Kamiyawu, lole yomwe inatinyamula, inatitsitsa pamsewu, n'kutisiya tikuyang'ana tchire. Mudzi kunalibe. Malo athu tinkawazindikira ndi mitengo ya mango basi. Ana tinkauzidwa m'mawa uliwonse kuti tiziponda pomwe mnzathu waponda, kuopa mamina, mabomba aja okwirira pansi. Akuluakulu akapeza chitsulo chachilendo polima sankachigwira ndi manja ayi. Ankachikola ndi chingwe chachitali, n'kubisala kuseri kwa chulu, n'kuchikokera m'dzenje. Chikaphulika, chiphulike chokha.

Aliyense anabwera ndi chomwe anatha kunyamula: mapoto, makasu, mbewu, wina malata awiri. A Felisiyano okha ndi omwe anabwera ndi bokosi lalitali lamatabwa, atalimangirira pa bisikileta, njinga yobwereka. Anali nkhalamba yaifupi, yofatsa, yokonza maradiyo ndi mabisikileta. Akazi awo anamwalirira ku Zambia, ana analibe. Atangoimika kanyumba kawo, asanamate n'komwe, anayamba n'kukonza thandala loikapo bokosilo kuti chiswe chisalipeze. Iwo eni ankagona pansi.

M'bokosimo munali maluneta atatu. Luneta ndi chitoliro chokhala ndi magalasi, choonera zinthu zakutali monga mwezi ndi nyenyezi. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo pamudzi panalibe wodziwa, chifukwa mkuluyo sankaonetsa munthu, kuopa fumbi ndi zala za ana ngati ine.

Tsiku lina masana ndikufuna nkhuku ya amayi, ndinadutsa kuseri kwa kanyumba kaja. Ndinasuzumira pakati pa mitengo ya khoma. Ndinaona a Felisiyano atatulutsa chitoliro chakuda, chonenepa ngati mtondo, atachikhazika pa miyendo itatu, atachilozetsa pakhomo kuyang'ana kuphiri. Pambali panali kachitini kakang'ono kodzaza tizitsulo tonyezimira. Anapukuta, anaikapo diso, n'kumwetulira okha. Zomwe ndinaona n'zomwezo. Palibe china.

Nkhuku ndinaiiwala. Ndinathamangira pansi pa mtengo pomwe tinkaphunzirira, poti shikola inalibe denga, ndipo ndinapeza anzanga akudikira purofesoli, mphunzitsi wathu.

"Epa! Anyamata, a Felisiyano ali ndi chimfuti!"

Anandiseka. "Wayambanso Radiyo."

Kusekedwa ndiye kunali mafuta anga. Chimfuti chinasanduka bazuka. Bazuka imodzi inabala ziwiri zina. Tizitsulo tija tinasanduka zipolopolo. Pofika pomwe purofesoli ankatulukira, ndinali nditatembenuza kale bazukayo, kuichotsa kuphiri n'kuilozetsa ku kapela, katchalitchi komwe akuluakulu ankaumbira njerwa. Anzanga anasiya kuseka. Ine mtima unangoti myaa, ngati ndadya uchi.

Madzulo ake amalume anga a Zuze anandiitana. Iwo anali atangotula mfuti miyezi yochepa chabe, ndipo anali asanabwerere bwinobwino m'thupi mwawo. Tayala la bisikileta likaphulika ankadzigwetsa pansi chafufumimba, kenaka n'kudzuka mwamanyazi kumasasa fumbi. Sankakonda kulankhula ndi ana.

"Iwe Radiyo, zomwe akunena anzakozi n'zoona?"

"N'zoona, amalume."

"Waona ndi maso kapena ndi pakamwa?"

Apa ndi pomwe ndimafika ndikamakumbukira nkhaniyi, n'kufuna kumutsina mwana uja. Khomo linali lotsegula. Ndikanangoti ndimaseka, akanandimenya khofi limodzi nkhani n'kutha. Koma aka kanali koyamba munthu wamkulu kundiyang'ana m'maso n'kumadikira yankho langa.

"Ndi maso, amalume. Zitatu. Ndi zipolopolo zake m'chitini. Ndalumbira."

Kutacha, mudzi wonse unali utamva, ndipo palibe anapita kukaumba njerwa. Amayi ndinawapeza atamanga kale mapoto m'chitenje, mlongo wanga ali kumbuyo. Ankangobwereza kuti, "Ngati zayambanso, Zambia si kutali." Ndipo sanali okha. Azimayi ena anali ataima panjira ndi mitolo pamutu, anthu omwe dzulo lake ankabzala chinangwa. Koma pakamwa panga, pomwe sipankatsekeka, tsiku limenelo panatsekeka.

Amuna anazungulira kanyumba kaja ndi makasu ndi zikwanje. A Felisiyano anatuluka akupukuta m'manja, n'kupereka moni ngati kwabwera alendo. Atamva mlandu wawo anayamba aseka, kenaka ataona nkhope za anthu anasiya.

"Ana anga, mulibe mfuti umo. Ndi maluneta. Ndiloleni nditsegule muone."

"Ayi bambo, khalani pomwepo," anatero amalume. "Bokosi lotere satsegula mwini wake."

Wina kumbuyo anakuwa, "Ngati mwabwera ndi nkhondo m'bokosi, bwererani nayo komwe mwachokera!" Ena anavomereza. Nkhalamba ija inayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope imodzi yoiikira kumbuyo. Maso awo anadutsa pa ine osaima. Sankadziwa n'komwe kuti ndine gwero.

Amalume anavula nsapato, n'kulowa okha ndi chingwe, akuponda ngati nyalugwe. Anatuluka thukuta lili kamukamu. Anthu tonse tinakabisala kuseri kwa chulu, amuna awiri atagwira a Felisiyano mikono. Kenaka anayamba kukoka.

Bokosi linagwa pa thandala paja kuti khuu! Linatuluka pakhomo likukwawa, likugunda miyala, kulowera kudzenje lomwe ankakumbamo dothi la njerwa.

"Pang'onopang'ono, ana anga! Muli magalasi umo! Chonde, pang'onopang'ono!"

Mawu amenewo ndimawamvabe. Bokosi linafika m'mphepete, linapendama, n'kugwera pansi. Tonse tinatseka makutu. Sikunaphulike kanthu. Kunangomveka kaphokoso kakang'ono, ngati kapu ikasweka m'nyumba ya eni.

Tinadikira nthawi yaitali. Nkhuku ya amayi, yomwe ija ndinkaifuna dzulo, inatulukira, n'kutsikira m'dzenjemo, n'kukwera pabokosi kumajompha chingwe. Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

Amalume anatsika, n'kukanula chivundikiro ndi nsonga ya chikwanje. Pamwamba panali chitenje chakale chamaluwa, cha malemu akazi a mkuluyo. Anachifunyulula, n'kunyamula chitoliro chakuda chija ndi dzanja limodzi. Munthu woti ananyamulapo bazuka yeniyeni paphewa sanafunike kuuzidwa. Chinali chopepuka, cha chikatoni cholimba chopaka utoto. Atachipendeketsa, zidutswa za kalilole zinakhuthukira m'matope.

Anangotembenuka n'kundiyang'ana, ndipo mudzi wonse unatsata maso awo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinagwada n'kupepesa. Ndikanakhala kuti ndikuikoka nkhaniyi, ndikanatero. Zoona zake n'zoti ndinathawa, n'kukakwera mumtengo wa mango, ndipo ndili m'mwambamo ndinaona a Felisiyano atagwada m'dzenje, akutola zidutswa chimodzichimodzi, kuzipukuta pa malaya, kuziika m'chipewa.

Njala inanditsitsa. Amayi anandigwira khutu kuchokera pamtengo mpaka pakhomo pa mkuluyo, dzanja lina atanyamula kamtengo.

"Nayu, bambo. Mum'menye nokha."

"Musiyeni, mayi. Abwere mawa dzuwa lisanalowe. Yekha."

Ndinapita nditavala makabudula awiri. Ndinawapeza panja atakhazika luneta yamkuwa pa miyendo yake. Ndi yokhayo inapulumuka. Yoyera inali pambali, galasi lake lakutsogolo litang'aluka pakati. Yakuda inali itagona ngati mtembo.

Anandiuza kuti ndikhale, n'kuyamba kundifotokozera za maluneta aja ngati akutchula ana awo. Yamkuwa anawapatsa ndi padiri wina yemwe ankamuphikira kale nkhondo isanayambe, ndipo pothawa a Felisiyano anasiya mabulangete n'kubereka imeneyo. Yoyera anasinthanitsa ndi bisikileta yawo kwa mphunzitsi wina ku Zambia, akazi awo n'kukhala sabata yathunthu osawalankhula. Yakuda ndiyo inali yapamtima. Anaipanga ndi manja mkulu wina wa kumigodi, yemwe anapera kalilole wake yekha miyezi ndi miyezi mpaka kulowa mkati ngati mbale. Atamwalira, a Felisiyano anafolera nyumba ya mkazi wamasiyeyo kuti awapatse.

"Ina yotere kulibe, mwanawe. Ngakhale upite ku Tete, ngakhale ku Maputo. Anaipangayo anagona."

Sanakweze mawu. Bola akanandikwapula.

Kenaka analoza kumwamba. Mwezi unali utatuluka kale kukadali kowala, theka lokha, wotuwa ngati kachigamba ka mtambo. Anakonzakonza luneta ija, n'kundiuza kuti ndiikepo diso, manja kumbuyo.

"Ukuona chiyani?"

Inu, khalidwe ndi khalidwe. Ngakhale ndi makabudula awiri, pakamwa panayamba pokha. "Ndikuona mudzi, agogo! Kuli nyumba, ndi anthu akuyenda..."

"Yang'ananso."

"Mwina si anthu. Koma kuli ngati msewu..."

"Yang'ananso."

Ndinayang'ana mpaka diso kutuluka misozi. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona chinthu ndisanachinene.

"Kuli maenje," ndinatero. "Ambiri. Ena aakulu, ena aang'ono m'kati mwa aakuluwo. Ali ndi mithunzi mbali imodzi. Ngati dzenje lathu la njerwa."

"Basi?"

"Basi."

"Eya. Ndiye sizikukwanira zimenezo? Maenje kumwezi, iwe n'kumafunanso kuikako anthu?" Anapukuta mkuwa uja ndi chitenje. "Chida ichi chimakulitsa, monga iwe. Koma chimakulitsa chomwe chilipo."

Ndinathamangira kunyumba mtima uli m'mwamba. "Amayi, mwezi uli ndi maenje! Ndaona ndi maso anga!"

Amayi sanatembenuke n'komwe. "Radiyo, sunakhaulebe?"

Mlongo wanga anaseka. Anzanga kutacha anaseka. Chinthu chachikulu kuposa mabodza anga onse, choona chenicheni, ndinalibe munthu woti ndimupatse.

Lamulungu titatha mapemphero pansi pa mtengo, amayi anandiimiritsa kutsogolo. Ndinanena zonse monga zinachitikira: chitoliro chimodzi, choloza kuphiri, nkhalamba ikumwetulira. Inali nkhani yaifupi kwambiri yomwe ndinakambapo, ndipo palibe anaseka. Masana ake a Felisiyano anatulutsa luneta yamkuwa n'kuilozetsa ku mlambe wa kuphiri, anthu n'kufola. Azimayi ankakuwa poona mtengo uli chadodolido, mizu kumwamba, mbuzi zikuyenda miyendo m'mwamba. Yemwe anakuwa zoti mkuluyo abwerere ku Zambia anafola kawiri.

Amalume sanafole. Anaima patali atapinda manja. Koma sabata yotsatira ndinawaona akupala matabwa a mlombwa, ndipo anapanga bokosi latsopano la zipinda zitatu, ngakhale ankadziwa kuti ziwirizo n'zogonamo akufa. Analisiya pakhomo pa a Felisiyano m'mamawa, osagogoda. Ine sanandilankhule mpaka mvula itagwa.

Kuchokera pamenepo ndinkapita kwa mkuluyo kawirikawiri, kukanyamula miyendo ya luneta ndi kuthamangitsa nkhuku. Za tsiku lija sanazitchulenso. Koma nthawi zina ndinkawapeza atayala zidutswa za kalilole pa chitenje, akuzilumikiza ngati mwina zingagwirizane, ndipo akandiona ankazisonkhanitsa msangamsanga kuti ndisachite manyazi. Zimenezo ndiye zinkandipweteka koposa.

Atamwalira, bokosi lija anasiyira ine. Lili pa thandala kunyumba kwanga ku Fingoe, ndipo ana anga amadziwa kuti luneta yamkuwa saigwira ndi zala zamafuta. Ndikayenda ndimafunsa m'misika ndi kwa okonza mawotchi ngati alipo angapere kalilole wa yakuda ija. Sindinam'peze. Ena amayesa ndikuwanamiza, poti amandidziwa.

Nkhani ndimakokabe, ndisakunamizeni. Nsomba yomwe ndinagwira chaka chatha ikukulabe mpaka lero. Koma ndinazindikira kuti bodza siligwa pansi pouma. Langa linagwera pa anthu omwe anali ndi mantha kale, ndipo iwo ndi omwe analikoka ndi chingwe. Ndiye nkhani ikakhala ya munthu, yoti dzina lake lituluke pakamwa panga, ndimayamba ndagwira kachidutswa ka kalilole komwe ndimayenda nako m'thumba la malaya. N'kakang'ono, kamangoonetsa diso limodzi. Ndimaliyang'ana disolo, n'kumva mawu a nkhalamba ija, ofatsa, osakwiya: yang'ananso.