Sitima ya Bambo Anaigawana Ngati Nyama

Mutu wa sitimayo unali wautali ngati chitsononkho, wakuda, wokhala ndi mzere wa olenji m'mbali monse, ndipo ukaunyamula unkalemera kuposa mmene unkaonekera. Unkanunkha mafuta a makina osokera, chifukwa ndi amene bambo ankadonthezera m'timawilo take ndi kamtengo ka machesi. Pambuyo pake pankakoledwa mabogi asanu ndi awiri: atatu a anthu, okhala ndi timipando m'kati, awiri a ng'ombe, imodzi ya makalata ndi ina yopanda denga. Mpaka lero ndikhoza kuwatchula mwa ndondomeko yake osaphonya, ndipo ndikamawatchula mtima umayamba kuwira ngati zachitika dzulo.

Bambo anali kalipentala. Ntchitoyo anaiphunzira ku mishoni cha ku Namitete, kwa mzungu wina wa ku Ireland, mkulu wa imvi yemwe anali ndi misala ya tisitima. Akuti kwawoko kuli azibambo athunthu, a ndevu zawo, amene amatolera tisitima tofanana ndendende ndi sitima za m'dziko mwawo, n'kumasinthana okhaokha. Amene ali ndi mabogi awiri ofanana amafunafuna mnzake amene ali ndi yomwe iye akusowa. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira bambo mutu uja ndi njanji zokwanira kuzungulira tebulo limodzi, ndipo kusinthanako kunapitirira kudzera pa positi. Bambo ankasema tinyumba ta pasiteshoni, timilatho ndi tithanki ta madzi, potsanzira zithunzi zimene mzunguyo ankatumiza. Iye ankakasinthitsa zimenezo kwa anzake, n'kutumiza bogi. Bogi iliyonse inali miyezi ya ntchito, yogwiridwa bambo atatopa kale ndi zitseko ndi mipando ya anthu. Ndikunena izi dala, kuti wina asadzatinso chinali chidole.

Lamulungu tikabwera kutchalitchi, bambo ankatulutsa tebulo pakhonde, n'kulumikiza njanji imodziimodzi, n'kukola mawaya awiri ku batire la galimoto. Ana a m'mudzi monse ankadzaza pabwalo, koma wogunditsa waya ndinali ine ndekha, mtsikana wa zaka khumi, mwana wawo mmodzi yekhayo. "Dekha, ikadumpha njanji wapha anthu," ankatero akuseka. Sitima yeniyeni sanaikwerepo. Njanji ya ku Mchinji imadutsa kufupi ndi kwathu, koma masiku amenewo pankadutsa mbuzi zambiri kuposa sitima.

Bambo anamwalira mvula ili pakati, chimanga chikumasula. Anali mkamwini pamudzi pa mayi, choncho tinakawaika kwawo, kutsidya kwa dambo, njira ya ku Nsaru. Titakolola, abale awo anabwera kudzasudzula mayi, ndiko kuti kudzawamasula kuti ukwati watha, komanso kudzagawana katundu wa m'bale wawo. Mwambo wake ndi wakuti wachibale aliyense atengeko kanthu ka malemu, kaya ndi malaya, kaya ndi chipewa, asabwerere chimanjamanja. Mwambowo sindikuutsutsa ayi. Koma abale a bambo anabwera namtindi, pamene malaya a bambo analipo anayi.

Wotiyankhulira anali amalume, alongo awo a mayi, eni mbumba. Iwo mtima unali pa zipangizo: masowo, mahamala ndi zopalira matabwa. Ataona kuti maso a alendo ayamba kulunjika kumeneko, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sutikesi yosungiramo sitima.

"Zidole za ana izi, aliyense atengepo kake," anatero.

Zidole! Anakhuthulira pamphasa n'kuyamba kugawa ngati nyama ya pamaliro. Uyu bogi, uyu njanji ziwiri, uyo njanji yokhota. Mutu anaupereka kwa azakhali, achemwali awo aakulu a bambo. Ndinakuwa kuti sitima siyenda ikakhala zidutswa. Amalume anandiyang'ana ndi diso lawo lija, mayi n'kunditsina pantchafu kuti ndikhale chete. Mwa akuluakulu onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi munthu akatani nazo njanji ziwiri kunyumba kwake. Anthu omwewo sakanagawana njinga, wina tcheni wina chishalo. Zipangizo zija amalume anazipulumutsadi, n'kuzinyamulira kunyumba kwawo kuti akatisungire. Mpaka lero akutisungirabe, eti.

Patangotha milungu iwiri, aphunzitsi anga anandiitana pa nthawi yopuma n'kundipatsa kabokosi. Makalata a bambo ankabwera pa adiresi ya sukulu, ndipo aphunzitsiwo ndi amene ankawawerengera Chingerezi chake. M'kabokosimo munali bogi yaing'ono yotuwa, yokhala ndi kakhonde kumbuyo, ija imakhala kumapeto kwenikweni kwa sitima, mokwera munthu woyang'anira mabuleki. Bambo anali ataidikira chaka chathunthu. Mzunguyo analemba kuti anavutika kuipeza, anachita kupereka mlatho ndi tinyumba tiwiri, koma tsopano sitima ya bambo yakwana. Aphunzitsi anawerenga mpaka pamenepo, n'kupinda kalatayo, n'kunena kuti amuyankha okha za malirowo. Ine ndinatsala chilili, m'manja muli bogi yomaliza ya sitima yomwe kunalibe. Ndinalumbira pomwepo, kuseri kwa kalasi, kuti ndizitolera zonse, iyende ngakhale kamodzi kokha ili yathunthu.

Kuyambira nyengo yozizira mpaka chilimwe, Loweruka lililonse ndinkawoloka dambo. Ndinkanyamuka mame asanaume, n'kukafika dzuwa litakwera, miyendo itayera mbee ndi fumbi. Mayi ankakondwa, ankati ndikukaona abale. Koma zimene ndinakapeza kumeneko, abale inu! Bogi yopanda denga ija, akazi a bambo aang'ono ankasungiramo singano ndi mabatani. Bogi ya ng'ombe, msuweni wanga anaimanga luzi n'kumaikoka m'fumbi, mawilo atatseka ndi dothi. Njanji ina munthu wamkulu ndithu anaipinda ndi manja ake n'kupanga chokolera chitseko cha khola la nkhuku. Ndinaima pakholapo, misozi ya ukali ikuwotcha m'maso, mwiniwake akundifunsa kuti mayi adzuka bwanji.

Ndiye ndinayamba kusinthanitsa. Msoti wanga, womwe bambo anandipatsa kuti ndiziweta, unapita n'kubweretsa mabogi awiri a anthu. Ya ng'ombe ndinaiwombola ndi cholembera chofiira komanso zitumbuwa zitatu. Ya makalata ndinatonolera chimanga tsiku lonse mpaka zala kutuluka matuza. Njanji ya pakhola ija ndinasintha ndi waya wokhuthala, n'kukaiwongola pang'onopang'ono ndi mwala wokutira nsanza. Ndinaphunzira msanga kuti chinthu ukachifuna usaonetse. Zinthu zimenezi anali atazitaya pansi pa mabedi, koma akangoona maso anga, pompo chasanduka chamtengo wapatali, ati ndi chikumbutso cha achimwene awo, sangachisiye wamba. Anthu akuluakulu, a ana awo, kumukhwimitsira mwana wamasiye pa zinthu za bambo ake! Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kulavula.

Pamene nyenje zinkayamba kulira m'mitengo, zonse zinali zitabwerera m'sutikesi. Unatsala mutu, ndipo popanda mutu zinazo ndi mabokosi chabe.

Azakhali anali mayi wamtali, wosayankhulayankhula. Mutuwo anauika pamwamba pa kabati, ataukulunga m'kansalu koyera. Ndikafika ankandipatsa madzi otsuka mapazi, n'kundiphikira mbatata ndi tiyi, kenako n'kundikhazika pansi pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kundiluka tsitsi. Zala zawo zinali zolimba, zinkanunkha utsi ndi sopo. Ndikayamba nkhani ya mutu, yankho linali limodzi: "Ubwerenso Loweruka, tidzakambirane." Ndinawalonjeza kuwasosera munda. Loweruka. Ndinawalonjeza nsapato zanga za kusukulu. Loweruka. Ndinati ndiwatungira madzi tchuthi chonse, iwo n'kungoseka pang'ono, n'kundikoka mutu kuti ndikhale bwino. Nthawi zina ankanditembenuza nkhope ndi dzanja n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumaganiza kuti akuona ngati mizere yawongoka.

Loweruka lina la dzuwa loswa mtengo ndinawapeza pansi pa mango ndi amayi anzawo a kutchalitchi, akuswa mtedza wambewu. Ndinali nditayenda dambo lonse kukhosi kutauma gwa. Ndinapereka moni, ndinapempha monga mwa nthawi zonse, ndipo atangoti "Loweruka", china chake chinaduka m'mutu mwanga. Ndinaimirira pamene ndinagwada, manja m'chiuno. Ndinati bambo akudwala iwo anabwera kawiri kokha, koma pa tsiku logawana katundu anakhala kutsogolo kwa mphasa. Ndinati akukakamira chinthu chomwe sakudziwa n'komwe kuti kutsogolo kwake ndi kuti. Kenako ndinawatchula kuti wakuba, wakuba za anthu akufa, mokweza, amayi onse aja akumva. Manja onse anaima m'malichero.

Azakhali sanandimenye. Bola akanandimenya. Anadzuka, anasasa makoko pachitenje, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mutu uja atauchotsa m'kansalu kake. Sanandipatse m'manja. Anauika pansi, pafumbi, patsogolo pa mapazi anga.

"Tenga, mwanawe. Ukawauze amayi ako kuti kuno kulibenso kanthu kanu."

Ndinatola n'kuliyatsa liwiro. Kunyumba mayi ataona chimene chili m'manja mwanga anandifunsa kuti ndapereka chiyani. Ndinafotokoza zonse monyadira, mawu ndi mawu, mpaka la wakuba lija. Mayi anakhala pansi pakhomo pomwepo, manja kumutu. Mawa lake amalume anawoloka dambo ndi nkhuku kukapepesa, ndipo madzulo anabwera nayo nkhukuyo ili yomangidwa miyendo monga inapitira. Anandikalipira pabwalo, anthu akumva, ati ndawachititsa manyazi, ati ndine mwana wopanda mwambo. Iwo! Munthu amene anakhuthula sutikesi ija ndi manja ake. Sindinawakhululukire, ndipo sindikuona chifukwa choti ndiyambire lero.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chimene ndinachita. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Tsiku limene mayi anasudzulidwa, azakhali anatsala opanda mphamvu iliyonse pa ine. Sakanatha kundiitanitsa, sakanatha kunditenga kuti ndikakhaleko nawo, popanda kukagwada kwa amalume omwewo. Bambo anawalera ndi azakhaliwo, anawabereka kumsana agogo atamwalira, kenako anawaona akupita kuchikamwini, n'kudzabwerako ali m'bokosi. Ine mphumi ndi maso ndinatengera bambo. Chimene anatsala nacho choti chindiwolotse dambo mlungu ndi mlungu chinali kachitsulo ka pamwamba pa kabati kaja, ndipo ankadziwa kuti tsiku limene adzandipatse ndiye kuti ulendo watha.

Musaganize kuti kumvetsako kunandiziziritsa mtima. Nawonso azakhali ndimawakwiyira. Akanangotsegula pakamwa n'kunena kuti, mwanawe, ndikufuna uzibwera kuno, ine ndikanakana? Mayi ankadziwa, n'chifukwa chake ankakondwa ndikamapita. Amayi a pansi pa mango aja ankadziwa. Onse anangoti zii, n'kumusiya mwana wa zaka khumi kuti azizindikire yekha, ndipo atalephera anamuweruza ngati wamkulu. Uthenga unabwera wakuti mwana uja asapondenso kumeneko. Ndinakapondakodi pa tsiku la maliro a azakhali, ndili mayi wa ana awiri, ndipo ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi anthu a m'midzi ina.

Koma Lamulungu lija, amalume ali paulendo ndi nkhuku yawo, ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinakabwereka batire kwa aphunzitsi, ndinakokera tebulo pakhonde ndekha, ndinalumikiza njanji, ndinapukuta mutu ndi m'mphepete mwa diresi, n'kukola mabogi onse, yotuwa ija kumapeto. Nditagunditsa waya sitima inanjenjemera kaye, kenako inanyamuka, ikupendama pa njanji ya pakhola ija koma osadumpha. Ana anakuwa pabwalo ponse. Ndinaitana mayi katatu kuti adzaone, koma sanatuluke, ndipo ndinkadabwa kuti akulira chiyani m'nyumbamo poti zonse zabwerera. Tsitsi langa linali litayamba kumasuka chakukhosi. Ndinaligwira ndi dzanja lina, sitima ikuzungulira, n'kumaganiza kuti Loweruka ndilawirire kwa azakhali akandiluke.