Msana wa Yotamu

Ndinachoka ku Kafue sabata imene dokotala anatiuza kuti Yotamu, mwana wanga, ali ndi TB ya mumsana. Kwa anthu ndinati ndikupita ku Joni kukafuna ndalama za mankhwala. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Chaka chathunthu ndinkamumenya mwanayo chifukwa chokhala mowerama pakudya nshima, ndikumunena kuti ndi waulesi. Atatuluka m'chipatala ali wopindika, sindinathe kumuyang'ana. Ndinakwera basi.

Ku Joni ndinagwira ntchito zambiri. Yomaliza inali yosesa mu ofesi ya achinyamata opanga mapulogalamu a kompyuta. Ndalama ndinkatumiza, mawu ayi. Poyamba ndinkati n'chifukwa sindidziwa kulemba. Ndinadzaphunzira kutchalitchi ndili kale ndi imvi, koma kalata sindinalembebe. Za imfa ya amake Yotamu ndinamva pafoni Lamlungu masana, ndikuchapa masokosi m'beseni. Ndinamaliza kuchapa, chifukwa panalibe woti ndimuuze.

Mu ofesimo ankapanga pulogalamu yoyang'ana munthu ndi kamera ya kompyuta, n'kumalira akakhala mowerama. Lerato, mtsikana amene ankatsogolera ntchitoyo, ankandikhazika pampando kuti aiyese. Inkalira osaleka. Msana wanga unapindika kalekale ndi matumba a feteleza, ndiye kaya ndidziwongole bwanji, kwa iyo ndinali wolakwa. Anzake ankaseka. Lerato anati wolakwa si mdalayu, ndi pulogalamuyo, chifukwa ikuyeza anthu onse ndi msana umodzi. Anaisintha kuti iziyamba yapempha munthu kukhala mowongoka mmene iye angathere, n'kutenga pamenepo ngati muyezo wake. Tsiku limene inakhala chete ine ndili pampando, ndinalowa m'kachipinda ka matsache n'kutseka chitseko. Makina anafunsa kaye. Ine mwana wanga sindinamufunse kuti akumva kuwawa pati.

Patatha miyezi itatu ndinatsika minibasi ku Kafue. Mlamu wanga wokhala m'dera la Estates anandiuza kuti Yotamu ali ndi kashopu pafupi ndi Boma, amalembera anthu makalata pakompyuta. Ndinkayembekezera munthu wosweka, wondidikira ndi mkwiyo. Ndinapeza bambo wa ana awiri ali patebulo limene kalipentala analifupikitsa miyendo kuti limukwane, azimayi a nsomba a ku Chanyanya akumunyogodola kuti amachedwa, iye akuwabwezera. Moyo unapitirira bwinobwino popanda ine.

Ndinaima pamzere. Nthawi yanga itakwana anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti wandizindikira.

"Tilembe chani, ba mudala?"

Ndinati kalata yopita kwa mwana wanga. Sanafunse dzina. Ndinayamba kunena, iye akulemba: kuti ndinathawa, kuti mankhwala anali chobisalira, kuti ndinkamumenya ndi ndodo ali wodwala. Pamenepo zala zake zinaima.

"Siinali ndodo, ba tata. Inali waya ya wailesi."

Ndinati akonze. Anakonza, ndipo tinapitiriza mpaka pamapeto. Pepala litatuluka anandipatsa cholembera, ndinasaina ndi dzanja langa. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya ake. Kenako anauza mayi amene anali kumbuyo kwanga kuti abwere mawa, lero atseka msanga, ali ndi mlendo woti akamuonetse ana.